Kamzere ka pa Botolo

1. Mlendo wovala juzi

Sabata yachitatu ya Kafunse ku nyuzipepala inayamba ngati masabata awiri oyamba aja: kuyankha foni, kukopera zikalata ndi kuwiritsa madzi a tiyi.

Dzina lakuti Kafunse silinali la pa satifiketi. Mtsikanayu ali mwana ankafunsa mafunso mpaka anthu makutu kuwawa. Bambo ake akatopa ankati, "Kafunse amako." Amayi ake akatopa ankati, "Kafunse achimwene ako." Achimwene akewo nawo ankati, "Kafunse aphunzitsi mawa." Dzinalo linamukakamira, ndipo linamutsatira mpaka ku koleji ya utolankhani. Tsopano kolejiyo inali itamutumiza kuno kuti adzaphunzire ntchito kwa miyezi itatu.

Anamuika pa desiki ya nkhani zofufuza, pakona, pafupi ndi zenera lomwe silinkatseguka. Mkulu wa desikiyo anali mayi wa imvi, wamagalasi olendewera pachingwe. Aliyense ankangowatcha a Mkonzi. Sankakweza mawu, koma akachotsa magalasi n'kukuyang'ana, unkakumbukira zolakwa zako zonse.

Cha m'ma teni koloko kunalowa mayi wina atavala juzi yaikulu ngakhale kunja kunali kutentha. Anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa motsitsa mawu ngati angalankhule ndi wina pamalo obisika.

A Mkonzi anamulowetsa m'kachipinda kosungira nyuzipepala zakale. Anakodola Kafunse.

"Tenga kope. Ulembe zonse, koma usalembe dzina lawo."

Chitseko chitatsekedwa, mayi uja anamasula juzi. M'kati munali yunifolomu ya unamwino. Anatulutsa m'chikwama mabotolo atatu a mankhwala amadzi, n'kuwaimika patebulo.

"Ine ndine namwino ku wodi ya ana," anatero. "Awa ndi mankhwala a chibayo. Kale mwana akamwa masiku atatu, unkaona yekha akufuna kusewera. Miyezi iwiri yapitayi, tikumwetsa sabata yathunthu koma chifuwa chili pomwepo. Ana akubwerera ali ofooka kuposa poyamba. Lachinayi lapitali tataya mwana wa chaka chimodzi."

Cholembera cha Kafunse chinaima.

"Lemba," anatero a Mkonzi osamuyang'ana.

"Ndinauza akuluakulu anga," namwinoyo anapitiriza. "Anati ndikudziyesa dokotala. Koma tagwirani apa, pamene palembedwa tsiku lothera mphamvu. Simukumva kuti pakhuthala?"

2. Nthunzi ya ketulo

A Mkonzi anasisita botolo ndi chala chachikulu. Kenako anatuma Kafunse kuti akatenge ketulo ndi kamera.

"Tisanakhudze chilichonse, jambula," anatero. "Kutsogolo, kumbuyo ndi pansi. Umboni ukausintha usanaujambule, wauwononga."

Kafunse anajambula. Madzi atawira, a Mkonzi anagwira botolo pamwamba pa nthunzi kwa kanthawi, n'kukanda pakona ndi chikhadabo. Kapepala kakang'ono kanamatuka bwinobwino ngati khungu la chilonda chopola.

Kapepalako kankanena kuti mankhwalawo adzatha mphamvu chaka chamawa. Koma pansi pake panali tsiku lina. Mankhwalawo anali atatha mphamvu zaka ziwiri zapitazo.

Namwino uja anagwira pakamwa. Anakhala pa mulu wa nyuzipepala.

"Mayo ine! Ndawamwetsa ndi manja angawa."

Botolo lachiwiri linali chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi.

"Jambula timapepalati pafupi kwambiri," anatero a Mkonzi. "Wina wake anatisindikiza. Tikapeza makina, tapeza khomo lolowera."

Kafunse anawerama ndi kamera, n'kukuza chithunzi.

Chakumanzere kwa kapepalako kunali kamzere koonda ngati tsitsi, kotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi, koduka pang'ono chapakati. Munthu wina sakanakaona. Koma iye anakula nako kamzereko. Kanali pa makadi a ukwati wa achimwene ake. Kanali pa ndondomeko ya maliro a bambo ake. Kanali pa mapepala onse otuluka m'makina akale a m'shopu yosindikizira ya achimwene ake, mmene iye ankathandiza kudula ndi kupinda mapepala pa tchuthi chilichonse. Ankakaseka limodzi, n'kumati ndi siginecha ya makinawo.

"Waona chiyani?" anafunsa a Mkonzi.

"Palibe, mayi."

A Mkonzi anachotsa magalasi n'kumuyang'ana. Kafunse anayang'ana pansi.

"Chabwino," anatero. "Pita ukadye. Ubwere isanakwane thu koloko."

3. M'shopu ya achimwene

Sanapite kukadya. Anakwera minibasi, n'kutsikira pa msewu wa mashopu ang'onoang'ono. Shopu ya achimwene ake inali pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Ali panja anamva kale makina akulira ndi fungo la inki.

Achimwene ake anali munthu wamtali, wamanja akuda ndi inki nthawi zonse. Bambo atamwalira, iwo ndiwo anasiya sukulu n'kutenga shopuyo, imene bambowo anasiya, kuti Kafunse apitirize maphunziro. Atamuona anamwetulira.

"Eee, atolankhani afika! Mwabwera kudzatilemba kuti ndife olemera?"

Kafunse sanaseke. Anadutsa n'kupita kuseri kwa makina, kumene kunali bokosi lotayamo zodula. Anapisamo dzanja, n'kuvundula makadi owonongeka ndi zidutswa za makalendala. Pansi penipeni anapeza pepala lathunthu la timapepala tomata. Anali mizeremizere, tonse tolembedwa tsiku limodzimodzi la chaka chamawa, tonse tokhala ndi kamzere kaja.

Analinyamula m'mwamba.

"Achimwene, ichi n'chiyani?"

Achimwene anazimitsa makina. M'shopumo munangoti zii.

"Ndi ntchito ya kasitomala. Bwezera momwe wachitenga."

"Kasitomala wake uti?"

"Iwe, kuno si ku ofesi kwanu."

"Timapepala timeneti akumata pa mankhwala a ana otha mphamvu. Ndaona ndi maso angawa lero m'mawa. Mwana wina wamwalira Lachinayi."

Achimwene anapukuta manja pansanza, n'kupukutanso ngakhale panalibe choti apukute.

"Munthuyo anandiuza kuti fakitale inalakwitsa tsiku posindikiza, ndiye akungokonza. Ine ndimasindikiza zimene andipatsa. Wina akabwera ndi khadi la ukwati, kodi ndimafunsa ngati akwatiwo akukondanadi?"

"Wabwera kangati?"



"Kanayi."

"Fakitale kulakwitsa kanayi, achimwene? Inu simunadabwe?"

"Ndinadabwa," anatero motsitsa mawu. "Ulendo wachiwiri ndinadabwa. Koma ndinaona kuti ndikafunsa, ntchito apititsa kwina. Ndiye ndinangotseka pakamwa."

4. Mawu a amayi

Nthawi yomweyo pakhomo panalowa amayi awo, atabereka kamwana ka achimwene, kamtsikana ka miyezi khumi komwe onse ankakatcha Kadona. Ankachokera nako kuchipatala, poti mayi ake a mwanayo anali kuntchito. Anaona nkhope za ana awo awiriwo, n'kuima.

"Kwagwanji muno?"

Kafunse anafotokoza. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anakhala pampando wa makasitomala n'kutsitsa mwana pamiyendo. Anauza achimwene kuti atseke chitseko.

"Tamvera, mwana wanga," anayamba. "Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma dziko ndalikhalamo. Anthu amene amachita zinthu ngati zimenezi si anthu wamba. Ali ndi magalimoto, ali ndi maloya, ali ndi anzawo m'maofesi. Nkhani ikatuluka, iwo sagona m'chitokosi ngakhale tsiku limodzi. Amene akagone kumeneko ndi uyu, wa manja a inkiyu, chifukwa ndiye wapafupi kumugwira. Ndiye undiuze, amene wakagwiritsa mchimwene wako adzakhala ndani? Ndi iwe. Mchimwene wako amene anasiya sukulu ali wanzeru kuposa anzake onse, kuti iwe uvale yunifolomu. Amene ankayenda wapansi kuti iwe ukwere basi. Nyuzipepala imeneyo wakhalako masabata atatu okha. Mawa akhoza kukuuza kuti zikomo, pita kwanu. Kwanu kwake kudzakhala kuti, ukagwetsa nyumba ndi manja ako? Palibe wakuona ukubwera kuno. Ng'amba pepalalo. Uyu asiye ntchito imeneyo lero lomwe, basi nkhani yatha. Enawo akafufuze okha."

Kafunse anali chiimire, misozi ili m'maso. Asanayankhe, Kadona anayamba kutsokomola. Chinali chifuwa chouma, chochokera pansi, chomwe chinamugwedeza thupi lonse mpaka kulira kwake kunatuluka kopanda mawu.

"Sabata yachiwiri ino," anadandaula amayi akumusisita pamsana. "Atipatsanso botolo lina. Tandipatsa chikwamacho, nthawi yomwa yakwana."

Kafunse anatsegula chikwama. Atatulutsa botololo, sanawapatse. Analitembenuza, n'kusisita ndi chala pamene panali tsiku. Panali pokhuthala.

Analipereka kwa achimwene ake.

Achimwene analiyandikitsa kumaso. Kamzere kaja anakaona okha. Anakanda ndi chikhadabo chakuda ndi inki mpaka kapepala kanang'ambika, tsiku lakale n'kuonekera. Anayang'ana botolo, n'kuyang'ana mwana wawo. Anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi pa simenti.

"Masiku khumi," ananong'ona. "Ndakhala ndikumugwira manja ine, kuti amwe."

Amayi anafungatira mwanayo mwamphamvu. Nkhope yawo inali itasintha, koma maganizo anali asanasinthe.

"Tipita naye kuchipatala china pompano. Tikagula mankhwala ena. Koma za nyuzipepalazo ayi. Mwamva nonse? Ayi."

"Amayi," anatero Kafunse, "Kadona ali ndi azakhali amene aona kamzereka. Nanga ana ena aja ku wodi, awaonere ndani?"

"Ukatuluka ndi pepala limenelo, usadzanditchenso amayi."

Kafunse anayang'ana achimwene ake. Iwo sanadzutse mutu. Kafunse anapinda pepala lija kanayi, n'kuliika m'kope mwake.

"Thamangani naye mwanayo, musadikire. Mukawaonetse adokotala botololi," anatero. Anatsegula chitseko n'kutuluka.

5. Magalasi patebulo

Anafika ku ofesi itadutsa thu koloko. A Mkonzi anali pa desiki, akuwerenga. Kafunse anaima patsogolo pawo, n'kuyala pepala lija.

"Mayi, m'mawa ndinakunamizani. Ndinaona kanthu. Makina amene anasindikiza timapepala tija ndi a achimwene anga."

A Mkonzi anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anachotsa magalasi n'kuwaika patebulo.

"Khala pansi."

Kafunse anakhala. Anafotokoza zonse, kuyambira pa bokosi la zodula mpaka pa botolo la Kadona.

"Kuti wanama ndinadziwa," anatero a Mkonzi. "Nkhope yako siidziwa kunama, ndipo usaiphunzitse. Chimene sindinadziwe ndi chakuti ubweranso kapena ayi. Wabwera. Zimenezo ndaziona. Tsopano umve zolakwa zako, chifukwa ndikapanda kukuuza lero udzazibwereza pa nkhani imene idzakuphetsa.

"Choyamba, unapita wekha osauza munthu. Mtolankhani wofufuza sapita kulikonse popanda wina kudziwa kumene ali ndi nthawi imene abwere. Ukanapeza mwini katunduyo ali m'shopumo, bwenzi pano tikukufuna kuti? Chachiwiri, wachenjeza munthu amene nkhani ikumukhudza tisanakonzeke. Akanakhala wina, pofika pano bokosi lija likanakhala phulusa. Ndipo pepala ili walitenga wekha, popanda mboni, popanda chithunzi cha pamene linali. Loya wochenjera adzangoti unasindikiza wekha.

"Achinyamata ambiri amabwera kuno akuganiza kuti ntchito imeneyi ndi kugwira akuba n'kutchuka. Ayi. Ntchito imeneyi ndi kudekha. Lero tili ndi mabotolo atatu ndi mawu a namwino mmodzi. Sitingalembe kuti mankhwalawa ndiwo anapha mwana uja, chifukwa sitikudziwa. Tikawayezetsa kaye kwa akatswiri. Tipeza anamwino ena, zipatala zina. Aliyense amene timutchule timupatsa mpata woyankha, ngakhale amene tikumuda. Ukalakwitsa chinthu chimodzi chokha, wolakwa weniweni amaimirira n'kunena kuti nkhani yonse ndi bodza, ndipo anthu amamukhulupirira. Koma pali chinthu chimodzi chimene sichidikira nyuzipepala. Ana akumwa mankhwalawa lero. Ofesi yoona za mankhwala ndaiimbira kale, ndipo zithunzi zija ndatumiza. Moyo wa mwana sitiusunga m'kabati podikira tsamba loyamba."

Kafunse anagwedeza mutu.

"Ndiye ndiyambire pati, mayi?"

"Suyamba paliponse. Nkhani imeneyi wachokamo."

Kafunse anadzidzimuka ngati wathiridwa madzi ozizira.

"Ndachokamo? Koma ndine ndapeza makinawo! Amayi anga andikana chifukwa cha nkhani yomweyi!"

"N'chifukwa chake. Sungalembe nkhani ya mchimwene wako. Ukamufewetsera, wanamiza owerenga. Ukamuumira mtima kuti uoneke wolungama, wamulakwira iye. Dzina lako silidzaoneka pa nkhaniyi. Palibe adzakuombere m'manja. Ngati unabwera kuti uomberedwe m'manja, ndi bwino udziwiretu lero kuti ntchitoyi si yako."

Kafunse anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Nanga achimwene awamanga?"

"Sindikulonjeza chimene sindingathe. Akhoza kufunsidwa, akhozanso kuimbidwa mlandu. Koma munthu wobwera yekha kudzanena zoona amasiyana ndi munthu wochita kukokedwa pansi pa bedi. Zimenezo asankhe okha. Iwe usawaimbire."

Masana onsewo Kafunse anakopera zikalata za nkhani ina. Foni yake inali patebulo, chete. Amayi sanaimbe.

6. Munthu wa m'khonde

Itangokwana folo koloko, mlonda wa pakhomo anasuzumira.

"Kuli bambo wina akufuna a Mkonzi. Akuti ndi wosindikiza."

Achimwene analowa atavala malaya omwe aja a kuntchito. M'manja ananyamula envulopu yaikulu. Maso anali ofiira. Kafunse anaimirira, koma iwo anayamba ndi kupereka moni kwa a Mkonzi, kenako n'kutembenukira kwa iye.

"Kadona amugoneka m'chipatala. Amuika madzi ndi mankhwala ena. Adokotala akuti tafika nthawi yabwino."

"Nanga amayi?"

"Ali naye komweko. Za iwe sakufuna kumva. Za ine sakudziwa kuti ndili kuno."

Anaika envulopu patebulo.

"Mayi, umu muli zonse. Chitsanzo chimene anandipatsa, masiku amene anabwera, ndi timapepala totsala. Ndinadabwa koma sindinafunse. Lembani choncho, musandikometsere."

"Khalani pansi, bambo," anatero a Mkonzi. "Musanalankhule, dziwani kuti zimene munene zikhoza kukubweretserani mavuto. Muli ndi ufulu woyamba mwaonana ndi loya."

"Ndamva. Funsani."

A Mkonzi anayatsa chojambulira mawu. Anayang'ana Kafunse n'kuloza desiki yakutali. Kafunse anamvera, koma ofesiyo inali yaing'ono ndipo mawu ankamveka.

"Munthu amene ankabwera ndi ntchitoyi dzina lake ndani?"

"Sanandiuzepo. Nambala ya foni ankasintha ulendo uliwonse."

"Mungamuzindikire mutamuona?"

"Ngakhale pakati pa anthu chikwi. Ndi wamfupi, wadazi, ali ndi chipsera pa..."

Mawu anathera pomwepo. Achimwene anali kuyang'ana kupyola pagalasi lolekanitsa ofesiyo ndi khonde. M'khondemo munkadutsa bambo wina wovala suti yotuwa, akuseka ndi foni kukhutu. Mlonda anamuchotsera chipewa. Atolankhani awiri anapatuka kuti adutse. Anali wamfupi, wadazi, ndipo pamwamba pa diso lakumanzere panali chipsera.

Achimwene anatembenuka msanga n'kubisa nkhope ndi envulopu.

"Ndi ameneyo," ananong'ona. "Mayi, ndi ameneyo. Akutani kuno?"

A Mkonzi anatambasula dzanja pang'onopang'ono, n'kukokera mabotolo aja m'dirowa, n'kukhoma ndi kiyi.

"Amenewo," anatero motsitsa mawu, "ndi mng'ono wawo wa eni nyuzipepala ino. Ofesi yawo ili pamwamba pathupa."

Kunja kwa galasi, bambo uja anasiya kuseka. Anatsitsa foni, n'kuyang'anitsitsa manja akuda ndi inki amene anagwira envulopu. Kenako anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, n'kugwira chogwirira cha chitseko cha ofesiyo.